Mnyamata akayamba kuopa chakudya kapena kudana ndi thupi lake: mmene mungazindikirire ndi zoyenera kuchita

Mnyamata wa zaka 16 amene kale ankamaliza mitanda itatu ya nsima, lero akungotsina theka la mtanda umodzi n'kusankha mazira ndi usipa wokha. Ndiwo zikaoneka mafuta akuzikankhira kumbali. Tambala asanalire ali kale kuseri kwa nyumba kunyamula chitsulo chokhala ndi zitini za simenti uku ndi uku, madzulo akuthamanganso, kaya kukugwa mvula kaya bondo latupa. Pakhomo aliyense akumuyamikira kuti mwanayu samwa, sasuta, akudzisamala. Kuyamikirako ndi kumene kumabisa matenda a kadyedwe mwa amuna. Mtsikana akasiya kudya anthu amadandaula msanga, koma mnyamata amamutcha wolimbikira, ndipo amafika kuchipatala thupi litawonongeka kale.

Tikunena za matenda a maganizo amene amasokoneza kadyedwe, osati kunyentchera kobwera ndi njala. Chakudya chilipo, koma munthu akuchiopa, kapena akulephera kudziletsa akayamba kudya. Si matenda a akazi okha. Mu 1689 dokotala wa ku London, Richard Morton, analemba za odwala awiri amene ankawonda chifukwa chokana kudya, ndipo mmodzi anali mnyamata. Komabe kwa zaka zambiri mabuku a madokotala ankaika kusiya kusamba pakati pa zizindikiro za anorexia, matenda odzimana chakudya, zomwe zinkachititsa kuti maso onse akhale pa atsikana. Buku la madokotala a maganizo ku America linachotsa chizindikirochi mu 2013. Kafukufuku wamkulu wa ku America komweko wa 2007 anapeza kuti pa anthu anayi alionse amene anadwalapo anorexia kapena bulimia (kudya kwambiri kenako n'kudzisanzitsa), mmodzi anali mwamuna, ndipo pa odwala matenda a kudya mosadziletsa, amuna anali pafupifupi mmodzi pa atatu alionse.

Maonekedwe ake mwa amuna

Anorexia nervosa ndi kudzimana chakudya mpaka thupi kutsika kwambiri, kwinaku munthu akuopa kunenepa. Bulimia nervosa ndi kudya chakudya chochuluka nthawi imodzi mosatha kudziletsa, kenako n'kufuna kuchifafaniza podzisanzitsa, kumwa mankhwala otsegula m'mimba, kusala kudya kapena kuthamanga mopitirira muyezo. Palinso amene amadya mosadziletsa chomwecho, mobisa ndiponso mwamanyazi, koma osadzisanzitsa. Madokotala amawerengera ngati zikuchitika kamodzi pa sabata kwa miyezi itatu, koma inu musadikire miyezi itatuyo kuti muyambe kuthandiza.

Vuto limene limakonda amuna kwambiri ndi muscle dysmorphia. Harrison Pope ndi anzake ku America analifotokoza mu 1993 ataona onyamula zitsulo a matupi akuluakulu amene ankadziona ngati ofooka ndi ochepa thupi. Wodwalayo safuna kuwonda, amafuna akatumba opanda ndi kafuta komwe. N'chifukwa chake funso loti "ukuopa kunenepa?" silimugwira. Angayankhe moona mtima kuti ayi, pomwe akuyeza chakudya chilichonse, akukana kupita ku ukwati chifukwa sakudziwa mmene aphikira, akuvala juzi masana kukutentha kuti anthu asaone mikono yake, ndipo tsiku limene walephera kupita ku jimu amakhala wosagwirika.

Kusiyanitsa wokonda masewera ndi wodwala sikovuta mukadziwa poyang'ana. Wokonda masewera akadwala malungo amapuma. Akaitanidwa kwa agogo amadya zimene amupatsa. Wodwala sangathe: lamulo limene wadziikira likathyoka amachita mantha, amakwiya, kapena amabweza tsiku lotsatira ndi masewera owirikiza. Muziyang'anitsitsa kwambiri anyamata a nkhonya ndi masewera ena oyeza kulemera asanapikisane, othamanga mitunda italiitali, komanso amene ankasekedwa kusukulu chifukwa cha kunenepa kapena kuchepa thupi. Kusala kudya kwa chipembedzo nakonso kumatha kukhala pobisalira, makamaka ngati mwana akupitiriza yekha anzake atamasula.

Choyamba, pitani naye akayezedwe matenda ena

Kwathu kuno munthu akawonda, choyamba kuganizira ndi TB, HIV, shuga, njoka za m'mimba kapena vuto la chithokomiro, ndipo n'koyenera kutero. Ayezedwe zonsezi. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti zotsatira zikatuluka zabwino, banja limapuma n'kunena kuti palibe vuto. Zotsatira zabwino mwa mnyamata amene akupitiriza kutsika thupi ndi chifukwa chofunsira za kadyedwe ndi maganizo ake. Pali kusiyana kumodzi koonekera: wodwala TB kapena shuga amadandaula kuti akuwonda ndipo amafuna kubwerera mwakale, pomwe wa anorexia amasangalala mobisa kapena amakana kuti wawonda.

Kumbukiraninso kuti mnyamata wa zaka 12 mpaka 17 amayenera kulemera chaka ndi chaka. Ngati buku lake la kuchipatala likusonyeza makilogalamu omwewo kwa chaka chathunthu, kapena wasiya kutalika anzake akutalika, ndiye kuti watsika kale ngakhale sikelo sikusonyeza kutsika. Ndipo mnyamata amene anali wonenepa n'kutaya makilogalamu 15 m'miyezi yochepa angathe kukhala pangozi yofanana ndi wowonda kwambiri, ngakhale akuoneka wa thupi labwino.

Zimene mungayeze nokha kunyumba

Mtima ndi umene umanena zoona msanga kuposa sikelo. Mugoneke chagada kwa mphindi zisanu. Ikani zala ziwiri pamtsempha wa pamkono, kumunsi kwa chala chachikulu, n'kuwerenga kugunda kwa mphindi yathunthu. Kenako aimirire, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri, muwerengenso. Thupi likamasowa chakudya limachepetsa liwiro la mtima kuti lisunge mphamvu. Ngati ukugunda kosakwana ka 50 pa mphindi masana, aonedwe ndi dokotala tsiku lomwelo. Kosakwana ka 40 ndi ngozi yofunika kuthamangira kuchipatala. Ngati poimirira kugunda kwakwera ndi 30 kapena kuposa, kapena wachita chizungulire, thupi lake lasowa madzi kapena mtima wafooka.

Apa pali msampha umene ngakhale achipatala amagwamo. Ochita masewera enieni amakhala ndi mtima wogunda pang'onopang'ono, choncho mnyamata akanena kuti amathamanga tsiku lililonse, wina anganene kuti ndi mtima wa katswiri. Katswiri wodya bwino manja ake amakhala ofunda, kulemera kwake sikutsika, ndipo mtima wake suthamanga akangodzuka pampando. Manja ozizira, kumva kuzizira mu Okutobala, ndi kutsika thupi zikusonyeza njala.

Yesaninso mphamvu: anjute pansi n'kudzuka osagwira kanthu, kenako agone chagada n'kudzuka kukhala tsonga osatsamira manja. Akalephera, minofu yayamba kudyeka.

Malangizo amene bungwe la Royal College of Psychiatrists ku Britain linatulutsa mu 2022 amatchula zizindikiro zinanso za ngozi: kutaya kilogalamu imodzi kapena kuposa pa sabata kwa masabata awiri otsatizana mwa munthu amene thupi lake lasowa kale chakudya, kukana chakudya kapena kudya pang'ono kwambiri kwa masiku awiri, kukomoka, thupi kuzizira pansi pa madigiri 35.5, ndi kudzisanzitsa kangapo pa tsiku. Onjezani kusanza magazi, kupweteka pachifuwa, kusokonezeka mutu, ndi mawu alionse okhudza kudzipha.

Wodzisanzitsa mungamudziwe ndi izi: kupita kuchimbudzi kapena kubafa akangomaliza kudya, kutupa m'masaya kumunsi kwa makutu, mano akutsogolo kuperepeseka ndi kumva kuwawa akamwa zozizira, ndi zipsera pamfundo za zala. Kwa wachinyamata wamkulu ndi bambo, dokotala afunse ngati chilakolako chogonana chatha ndiponso ngati chida chasiya kudzuka m'mawa. Chimenechi ndi chizindikiro choti testosterone, homoni wachimuna, watsika, ndipo akakhala wotsika nthawi yaitali mafupa amafooka.

Kumuyankhula

Sankhani nthawi imene simukudya, muli awiri, makamaka mukuyenda kapena mukugwira ntchito limodzi, chifukwa anyamata ambiri amamasuka ngati simukuwayang'ana m'maso. Nenani zimene mwaona, osati zimene mwaweruza. Bambo anganene kuti, "Mwanawe, ndaona kuti masabata atatu tsopano sukudya nafe, ndipo dzulo unathamanga mwendo ukupweteka. Sindikukalipa, ndikuda nkhawa. Chikuchitika n'chiyani ukakhala pa mbale?" Funsani kuti zimamutengera nthawi yochuluka bwanji pa tsiku kuganiza za chakudya ndi thupi, amamva bwanji akaphonya masewera, ngati pali nthawi imene amadya osatha kusiya, ndiponso ngati akumwa kapena kudzibaya chilichonse.

Yembekezerani kuti akana. Kukana ndi mbali ya matendawa, ndipo ubongo wosowa chakudya umauma pa ganizo limodzi. Musatsutsane naye zoti ndi wonenepa kapena ayi, simungapambane. Musanene kuti izi ndi za atsikana, kapena kuti anthu akugona ndi njala iwe ukusewera ndi chakudya. Manyazi ndi amene amamutsekera pakamwa kale. Ngati sanakwanitse zaka 18, kupita kuchipatala si nkhani yopempha chilolezo chake. Muuzeni mwachikondi kuti mawa tikupita. Ngati ndi munthu wamkulu, mupempheni kuti mumuperekeze, ndipo yambani ndi zimene iye akudandaula nazo, monga kufooka, kusowa tulo kapena kusweka mafupa.

Mufunseni mosapita m'mbali ngati amaganiza zodzipha. Kufunsa sikumuika ganizolo m'mutu. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani mankhwala, tameki ndi zingwe pafupi, n'kupita naye kuchipatala.

Kuchipatala mukapemphe chiyani

Lembani papepala musanapite: zimene wadya masiku atatu apitawa, maola a masewera, kulemera kwake kwakale ndi kwa lero, ndi mabotolo kapena mapaketi a chilichonse chimene akumwa. Nenani poyera kuti mukukayikira matenda a kadyedwe, chifukwa wachipatala amene ali ndi mzere wautali panja sangaziganizire yekha pa mnyamata. Pemphani kuyeza kulemera ndi kutalika, BP atagona ndi ataimirira, kutentha kwa thupi, shuga, ndipo kumene n'kotheka mchere wa m'magazi (potassium, sodium, phosphate), chiwindi, impso ndi ECG, yoona kagundidwe ka mtima. Potassium ndi wofunika kwambiri kwa wodzisanzitsa, chifukwa akatsika mtima umatha kusokonekera mwadzidzidzi munthu akuoneka bwinobwino. Magazi akatuluka abwino sizitanthauza kuti ngozi palibe.

Pemphani kalata yokaonana ndi a za matenda a maganizo. Ku Malawi zipatala za maboma zimakhala ndi anamwino kapena madokotala a mbali imeneyi, ndipo kuli Zomba Mental Hospital, Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Lusaka kuli Chainama Hills. Amene muli ku Britain yambani ndi GP, dokotala wa banja lanu, ndipo bungwe la Beat limathandiza odwala ndi mabanja awo.

Chenjezo limodzi lalikulu: amene wakhala masiku asanu kapena kuposa osadya kwenikweni, kapena wawonda kwambiri, asayambe kudya zambiri mwadzidzidzi kunyumba. Chakudya chikabwera, insulin, homoni woyendetsa shuga m'thupi, amakwera n'kukokera phosphate, potassium ndi magnesium m'maselo, m'magazi n'kutsala zochepa. Zotsatira zake ndi kutupa miyendo, kubanika, kukomoka ngakhale mtima kuima, makamaka m'sabata yoyamba. Wotereyu ayambire kuchipatala, kumene amamupatsa thiamine (vitamini B1) ndi kumuyeza magazi pafupipafupi.

Kudyetsa kunyumba

Kwa achinyamata, njira imene yasonyeza kuthandiza kwambiri ndi imene inayambira ku chipatala cha Maudsley ku London, yoika makolo patsogolo. Mfundo yake ndi yakuti mwana amene matenda amugwira sangathe kusankha bwino chakudya, choncho kwa kanthawi makolo ndi amene amasankha, kuphika, kupakula ndi kukhala naye mpaka amalize. Udindowo amamubwezera pang'onopang'ono thupi likabwerera.

Adye katatu pa tsiku ndi tizakudya topepuka kawiri kapena katatu pakati, osadutsa maola atatu kapena anayi ali chopanda kanthu. M'mawa phala lothira nsinjiro kapena chiponde ndi mkaka. Cha m'ma 10 mbatata kapena nthochi ndi mtedza. Masana nsima, ndiwo zophika ndi mafuta monga mwa masiku onse, ndi masamba otendera. Madzulo thobwa kapena chambiko ndi buledi. Usiku chakudya chokwanira. Asanagone kapu ya mkaka. Mafuta ndi nsima musazichotse pofuna kumusangalatsa, chifukwa zimene akuziopazo ndi zimene ayenera kuzizoloweranso. Anyamata amene akukula amafuna chakudya chochuluka kuposa mmene makolo ambiri amaganizira, ndipo amene akuchira amafuna choposa pamenepo.

Mupakulireni m'mbale yakeyake. Podyera limodzi m'mbale imodzi n'kosavuta kutsina pang'ono n'kuoneka ngati wadya. Ikani mphindi 30 za chakudya chachikulu ndi 15 za tizakudya topepuka. Mukhale naye pafupi, mawu anu akhale ochepa ndi odekha: "Ndikudziwa kuti n'zovuta. Tenga nthongo ina." Musanyengerere ndi mphatso, musaopseze, musamenye. Yang'anani m'matumba, pansi pa mbale ndi galu amene wakhala pafupi ndi mwendo wake. Akamaliza, khalani naye ola limodzi mukuchita zina, bawo kapena kumvera mpira, ndipo apite kuchimbudzi asanadye osati atangodya.

Adzadandaula kuti m'mimba mwadzaza ndiponso mwatupa. Akunena zoona: m'mimba mwa munthu amene wakhala akudzimana mumagaya pang'onopang'ono, ndipo kudzimbidwa kumabwera. Zimachepa pakapita masabata angapo akudya mokhazikika. Kuchepetsa chakudya kumangotalikitsa vutolo, ndipo mankhwala otsegula m'mimba asamwe popanda dokotala. Muyezeni kamodzi pa sabata, pa sikelo imodzimodzi, m'mawa atakodza, atavala zopepuka. Ena amamwa madzi ambiri asanakwere sikelo, zomwe n'zoopsa pazokha. Kunyumba cholinga chimakhala pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata. Pakadutsa masabata awiri kapena atatu osakwera, bwererani kuchipatala.

Makolo awiri, agogo ndi aliyense wophika agwirizane chimodzi. Matendawa amapeza msanga munthu wofewa mtima pakhomo. Ngati mwana ali kusukulu yogonera, kambiranani ndi aphunzitsi kuti wina azikhala naye podya, ndipo zikakanika abwere kaye kunyumba. Achibale obwera kudzacheza muwauziretu kuti asanene kuti "wanenepatu, ukuoneka bwino". Kwathu amenewa ndi mawu oyamikira, koma wodwalayo angasiye kudya tsiku lomwelo.

Kwa odya mosadziletsa ndi odzisanzitsa

Dongosolo lomwelo la kudya pafupipafupi ndi poyambira pa chithandizo chokambirana ndi katswiri wa maganizo, chotchedwa CBT-E, chimene Christopher Fairburn anakonza ku Oxford, chomwe nthawi zambiri chimatenga magawo 20 m'masabata 20. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: amene wadumpha kadzutsa ndi nkhomaliro pofuna kubweza za dzulo, pofika usiku njala imamugonjetsa, n'kuyambanso mkombero womwewo. Alembe chilichonse chimene wadya, nthawi yake ndi zimene amamva, kuti aone chimene chimamuyambitsa. Adziwenso kuti kusanza sikutulutsa chakudya chonse, ndipo mankhwala otsegula m'mimba amatulutsa madzi ndi mchere wa m'thupi chakudya chitalowa kale. Akasanza asatsuke mano ndi mswachi nthawi yomweyo chifukwa asidi amakhala atafewetsa mano. Achukuche m'kamwa ndi madzi, kapena madzi othira soda wophikira pang'ono, n'kudikira ola limodzi. Kwa akuluakulu a bulimia dokotala angathe kulemba fluoxetine, mankhwala a matenda a maganizo, koma mankhwala okha sachiza anorexia.

Zitsulo, maufa ndi majakisoni

Amene mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kapena akutsika thupi asiye masewera onse mpaka dokotala atavomera, kuphatikizapo ma push-up obisa kuchipinda usiku. Pobwerera ayambe ndi masiku awiri kapena atatu pa sabata, ndi anzake osati yekha, atadya, ndipo masiku opuma akhale lamulo. Minofu imakula pa nthawi yopuma.

Za mapuloteni anyamata amanamizidwa kwambiri pa TikTok ndi Instagram. Kafukufuku amasonyeza kuti kwa wonyamula zitsulo, phindu limasiya kukwera kwenikweni akafika pafupifupi magalamu 1.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa tsiku. Wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti magalamu 96. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi 6, kapu ya mkaka 8, mtedza wa magalamu 100 pafupifupi 25, ndipo usipa wouma, nyemba ndi soya pieces zimakwaniritsa zotsalazo popanda kugula ufa wa m'chitini. Wodwala musamupatse manambalawa kuti aziwerengera. Ndi a inu makolo ndi aphunzitsi a masewera, kuti mudziwe kuti chakudya cha pakhomo n'chokwanira. Muuzeni kuti matupi ambiri a pa foni amajambulidwa munthu atadzimana madzi, atakonza kuwala, ndipo ena ali pa ma steroid, mankhwala okulitsa minofu amene amagwira ntchito ngati testosterone.

Ma anabolic steroid amasiya zizindikiro: kukula thupi mofulumira modabwitsa, ziphuphu zazikulu kumsana ndi m'mapewa, mawere kutupa, machende kuchepa, ndi ukali. Thupi likalandira testosterone wa kunja limasiya kupanga wake, umuna n'kuchepa mpaka kusabereka. Mwa mnyamata amene akukula amasiyitsa mafupa kukula msanga, n'kukhala wamfupi moyo wonse. Amawononga mtima ndi chiwindi, ndipo kubwerekana jakisoni kumafalitsa HIV ndi hepatitis B ndi C. Posiya, ambiri amagwa mphwayi ndi kukhumudwa kwambiri kwa masabata kapena miyezi, nthawi imene ganizo lodzipha limatha kubwera, choncho asiye dokotala akudziwa.

Palinso anyamata amene atopa ndi kufunsidwa kuti "kodi ukudwala?" n'kuyamba kugula mankhwala onenepetsa pamsika. Ambiri mwa mankhwalawa amakhala cyproheptadine, wopatsa njala ndi tulo, kapena dexamethasone. Dexamethasone samanga minofu. Amatupitsa nkhope ndi mimba, manja ndi miyendo n'kumaonda, amakweza shuga ndi BP, ndipo amafooketsa chitetezo cha thupi moti TB imatha kudzuka. Amene wamwa kwa masabata atatu kapena kuposa asasiye tsiku limodzi, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga cortisol wake, homoni amene dexamethasone amalowa m'malo mwake, ndipo angathe kukomoka. Tengani paketiyo mupite nayo kuchipatala kuti amuchepetsere mlingo pang'onopang'ono.